Tsiku Limene a Mbewe Sanakoke Mahandulo

A Zakeyu Mbewe tinawaika m'manda masabata atatu apitawo, Lachinayi. Mbiri yawo pamaliro ndinawerenga ndine, chifukwa ndinakhala nawo pa benchi la akulu a mpingo zaka zambiri, ndipo abale awo anati palibe wina wowadziwa kuposa ine. Ndinawerenga zoona zokhazokha. Koma sindinawerenge zonse. Chimene ndinasiya chikukhudza munthu amene akali moyo, Che Yusufu wowotcherera zitsulo, amene anachoka pa Nsaru ndi dzina loipa pa mlandu umene sunali wake. N'chifukwa chake ndalemba izi.

A Mbewe anali okonza njinga. Pa Nsaru okonza njinga ndi ambiri. Aliyense amene ali ndi pampu ndi kabotolo ka guluu amadzitcha mmisiri. Iwo sankawerengedwa pagulu limenelo, ndipo sankafuna kuwerengedwapo. Anali aatali, owonda, a mawu ochepa. Ukawapatsa moni ali pa ntchito ankangogwedeza mutu. Wailesi pamalo pawo sankailola. Ankati njinga imanena yokha pamene ikudwala, tsono munthu sangamvere zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Matipati atayamba, katundu wa kaunjika anachuluka, ndipo pamodzi ndi zovala kunabwera njinga za matayala onenepa zimene anyamata amati mawunteni. Zinali ndi foloko ya mashoko, yolowa ndi kutuluka ikagunda mwala. Miyezi yoyamba anthu anazikonda. Kenako fumbi la kuno linalowa m'mapaipi, mvula inatsatira, foloko n'kuuma gwa kapena kuyamba kugwedera ngati dzino. Amisiri ena ankaopa kuitsegula. A Mbewe anagula imodzi yakufa, anakhala nayo sabata yathunthu osalandira ntchito ina, mpaka anaidziwa mkati mwake. Kuyambira pamenepo anthu ankakankha njinga kuchokera ku Kabudula, ku Nambuma, ena mpaka ku Mpingu, kudzafuna iwo.

Ntchito yawo ndinaiona nthawi zosawerengeka. Ankayala thumba pansi, n'kuika chidutswa chilichonse pamzere monga momwe chatulukira. Munthu akasuntha ngakhale kawashala kamodzi, ankamuthamangitsa. Zonse ankatsuka ndi palafini, n'kupukuta ndi nsanza yoyera mpaka nsanzayo italeka kuda. Labala wa mkati akakhala wowola ngati phala, ankasema wina kuchokera ku tayala la lole, ndi mpeni umene sankabwereka munthu. Oilo wakuda wochotsa m'galimoto, amene anthu amakonda kuthira paliponse, ankadana naye koopsa. Ankati amatupitsa labala ndipo amaitana fumbi. Iwo ankapaka girisi woyera, pang'ono, ndi chala. Akazi awo, a Naphiri, anakangana nawo kangapo chifukwa cha zitenje zimene zinkasowa m'nyumba zisanathe n'komwe.

Pomaliza panali chinthu chimodzi chimene sankadumpha. Foloko yotere ndi zigawo ziwiri. Mapaipi a pamwamba amalowa m'miyendo ya pansi imene imagwira tayala, ndipo chomangirira ziwirizi ndi bawuti yaitali imene ili mkati, yosaoneka. Ikamasuka wokwera sadziwa, chifukwa kulemera kwake kumapanikiza zonse pamodzi. Amadzadziwa tsiku limene tayala lakutsogolo lanyamuka pansi. Tsono a Mbewe akatseka foloko ankapana tayala ndi mawondo, n'kugwira mahandulo, n'kukokera m'mwamba ndi mphamvu zawo zonse, katatu. Ankati kupanikiza pansi ndi masewera a mwini njinga amene akufuna kuona ikudumphadumpha. Mmisiri ntchito yake ndi kukoka. Ananena zimenezi kwa aliyense, mpaka ana odutsa ankawayeserera.

Analinso ovuta, ndisabise. Bawuti yakutha sankaibwezera, ngakhale mwini njinga alire. Njinga inkagona kwawo mpaka atapita ku Lilongwe kukafuna ina. Ya mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ina inagona masabata atatu, mwini wake akuyenda wapansi. Atabwera kudzakalipa, a Mbewe anamuuza kuti akafuna atenge zidutswazo m'thumba akamange yekha, popeza ndi wophunzira.

Che Yusufu anali ndi shedi yake tsidya lina la msewu, moyang'anana nawo. Anali wobwera, wa ku Mangochi, munthu wa nthabwala. Iye foloko ikagwedera sankaitsegula. Ankaiwotcherera kuti ikhale chitsulo chimodzi chouma, ndipo onyamula katundu ankakonda zimenezo chifukwa zinali zachangu. Awiriwa ankalalatirana msewu uli pakati.

"A Mbewe, njinga ya aphunzitsi ikugonabe kwanu? Mwaikwatira kodi?"

"Kuli bwino igone kwanga kusiyana n'kukapsa kwanu."

"Kwa ine mphindi khumi, munthu wakwera, wapita."

"Inu si mmisiri. Ndinu ophika zitsulo."

"Nanga sipanala yanu yaitaliyo anakuphikirani ndani?"

Pamenepo a Mbewe ankangoweramira ntchito, chifukwa zinali zoona. Sipanala yofikira bawuti ya mkati ija anailumikiza ndi Che Yusufu, ulere. Sankadana. Koma a Mbewe ankanena poyera, kawirikawiri, kuti moto umafooketsa chitsulo, ndipo tsiku lina moto wa tsidya linalo udzavulaza munthu. Anthu anawasunga mawu amenewo.

Amene anawadziwa a Mbewe zaka zisanu ndi zinayi zomaliza zokha anadziwa munthu wina. Foloko ya mashoko ikabwera ankati apite nayo kwina. Ankangomata machubu ndi kuwongola masipoko, ntchito imene kale ankainyoza. Ukulu wa mpingo anautula pansi popanda kufotokoza. Tsiku la mgonero ankabwera m'tchalitchi, jekete lochapa bwino, koma mbale ya mkate ikafika pa iwo ankaipereka kwa wotsatira, chikho chimodzimodzi. Abusa awiri, wina atachoka wina, anawafunsa. Onse anayankhidwa kuti nkhaniyo si ya abusa. Ndipo chaka chilichonse, mvula isanagwe, ankanyamula khasu kukalima munda wa Fanuwelo, munthu wolumala dzanja, amene sanali mbale wawo. Ankalima wonse, okha, asanayambe wawo. Zimenezi ndinaziwerenga pamaliro, ndipo amayi anavomereza ndi mitu. Ine pepala linkandilemera.

Fanuwelo ameneyu anali wa kabaza, bambo wa ana atatu, wa pakamwa posatseka. Anzake ankagwiritsa njinga zolimba zachikale, koma iye anagula mawunteni, ati makasitomala amakonda zofewa. Anapita nayo kwa Che Yusufu, amene anamuikira kaliyala yaikulu kumbuyo, n'kuwotchereranso kachitsulo kogwira buleki pa mwendo wa foloko, kunja. Patatha masiku awiri anafika kwa a Mbewe kuti foloko ikugogoda. Linali tsiku la msika, nyengo yokolola. Ine ndinali pomwepo, kudikira yanga.

A Mbewe atatsegula anapeza kuti mwendo umodzi unalibe bawuti n'komwe. Inabwera choncho kuchokera kwa eni ake oyamba. Bawuti ya mwendo winawo inali yakutha mazinga, inkangozungulira osagwira.

"Isiye," anatero. "Lolemba ndipita ku Lilongwe, ndikafuna ina."

"Lolemba? Madala, lero ndi msika. Chimanga cha anthu chikudikira ine."

"Chidikire."

"Nanga ana anga adya chiyani, girisi wanuyu?"

Anzake a kabaza amene anaima pafupi anaseka. Fanuwelo anaona kuti wapeza omvera.

"Basi, sonkhanitsani, ndingowoloka msewu. Che Yusufu saopa bawuti. Inu manja anayamba kunjenjemera, eti? Nenani, madala, sitikusekani."

Anasekanso. Tsidya lina Che Yusufu anali ataima pakhomo, naye akuseka, akukodola ndi dzanja mwanthabwala zake za masiku onse. A Mbewe anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasolola ulusi pa thumba loyala lija, anaukulunga pa bawuti, anailowetsa, n'kumanga mpaka inaoneka ngati yagwira. Anatseka. Anapanikiza mahandulo pansi kawiri, foloko inalowa n'kutuluka bwinobwino, anyamata anaomba m'manja. Ine ndinadikira kuti apane tayala ndi mawondo. Sanapane. Anapereka njinga, n'kutembenukira yanga.

Ndinaona. Ndinadziuza kuti ine ndine mlimi wa fodya, za njinga sindidziwa.

Njingayo inayenda masiku anayi. Tsiku lachisanu Fanuwelo anamanga matumba awiri a chimanga pa kaliyala, n'kutsetsereka nawo potsikira kudambo, panjira ya ku Kabudula. Pamenepo pali ngalande yodutsa msewu. Katundu anali kumbuyo yense, ndiye atagunda ngalandeyo kutsogolo kunanyamuka. Tayala ndi miyendo ya foloko zinapitirira zokha. Mapaipi anazika m'dothi. Fanuwelo anagwa chamutu, matumba n'kumutsatira. Anamunyamula pa ngolo, kenako pa galimoto, mpaka ku chipatala cha mishoni ku Namitete. Moyo unatsala. Dzanja lamanja linafa, lili lende mpaka lero, ndipo nsagwada inapindika.

M'mawa mwake amalume ake a Fanuwelo ndi gulu la kabaza anabweretsa njingayo, ili zigawo ziwiri. Sanabwere kudzawaimba mlandu a Mbewe. Anabwera ngati kwa woweruza.

"A Mbewe, izi mumadziwa ndinu. Tiuzeni chachitika n'chiyani."

A Mbewe ananyamula miyendo ya foloko, anaizondotsa. Kanthu kanagwera m'dzanja lawo. Anafumbata, n'kuika m'thumba la ovolosi. Ndinali nawo pafupi moti ndinaona ulusi uli lende. Kenako anayendetsa chala chachikulu pa malo akuda pamene panawotchereredwa kachitsulo ka buleki.

"Apa panadutsa moto," anatero.

Silinali bodza, moto unadutsadi. Koma si moto umene unalekanitsa folokoyo, ndipo iwo ankadziwa.

Mmodzi wa a kabaza anati, "Komatu njingayi inali kwa inu tsiku la msika." Amalume aja anamudula. "Iwe, foloko imene a Mbewe agwira inachokapo liti? Si akhala akutichenjeza zaka zonsezi?" Gulu lonse linawoloka msewu.

Anagwetsa chitseko cha shedi ya Che Yusufu. Anadula nthambo za makina, anaswa galasi lake lotchingira maso, anamukankhira m'ngalande. Iye ankafuula kuti ayang'anitsitse chitsulocho, koma palibe anamva. Analibe abale pano omuimira kumbuyo. Mwini malo anamuuza kuti mwezi ukatha achoke, ndipo sanadikire kuti uthe. A Mbewe nthawi yonseyi anakhala chogwada, akupopa chubu chimene chinali chopopa kale.

Ndinapita kwawo patatha sabata. Ndinawapeza m'munda akusanja mapesi.

"A Mbewe, tsiku lija simunakoke."

Anapitiriza kusanja. Kenako anati, "Munaona."

"Ndinaona. Ndinaonanso chimene munaika m'thumba."

"Nanga bwanji simunanene pomwe paja?"

Ndinati, "Pitani mukauze anthu."

"Zaka makumi atatu, a Mwale. Palibe njinga yochoka m'manja mwanga inagwetsapo munthu. Lero ndikaime pamsika, ndikati ndinamanga moyo wa munthu ndi ulusi wa thumba chifukwa anyamata anandiseka?"

"Mukanene choncho kumene."

"Ndikanena, dzanja la Fanuwelo lidzuka?"

"Silidzuka. Koma Yusufu abwerera."

Anakhala pansi pa mzere. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala pansi ntchito isanathe.

"Ndipatseni nthawi," anatero.

Ndinawapatsa. Inakwana zaka zisanu ndi zinayi. Ndinawakumbutsa kawiri, chaka choyamba ndi chachitatu, kenako ndinaleka, chifukwa nkhaniyo ikamakalamba imayamba kunenanso za amene anaisunga. Iwo chikho ankachidutsitsa. Ine ndinkamwa.

Anadwala miyezi iwiri. Chakumapeto mawu anatseka. Sanandiuze kuti ndinene, sanandiuzenso kuti ndisanene. Pamaliro Fanuwelo anakakamira kugwira nawo bokosi ndi dzanja lake limodzilo, ndipo adzukulu anamulola.

Sabata yotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Njewa, kumene ndinamva kuti Che Yusufu ali. Ndinamupeza kuseri kwa sitolo ina akupanga mafelemu a mawindo. Imvi zamera mutu wonse. Anandizindikira, anandikokera mpando.

"Ndinamva kuti a Mbewe atisiya. Pepani."

Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa ulusi. Iye ankangopala chitsulo, osandiyang'ana.

"A Mwale, mukuyesa sindinkadziwa? Chitsulo chopsa chimathyoka. Foloko ija sinathyoke, inasololoka. Ndinanena tsiku lomwelo ndili m'ngalande."

"Tinakulakwirani."

"Mkazi wanga pamjigo ankamusiya yekha ngati wakhate. Ana anataya chaka cha sukulu. Kuno ndinafika nkhani itandifikira kale, miyezi isanu ndi umodzi palibe anandipatsa ngakhale khasu loti ndilumikize." Anaika chitsulo pansi. "Ndiye mwalipira minibasi kudzandiuza ine zimene ndikudziwa. Sindine wofunika kuuzidwa. Kanenereni pomwe anandigwetsera chitseko."

Ndinamufunsa ngati angabwerere anthu atamva. Anaseka pang'ono, anati wakalamba, kusamuka kamodzi kunamukwana.

Tsiku la msika ndinakaima pamene a kabaza amadikirira anthu. Ndinavula chipewa, ndinanena zonse mokweza, ndi dzina langa lomwe. Ambiri a iwo tsopano ali ndi njinga zamoto, ndipo nthawi ya ngoziyo anali ana a sukulu. Wina anafunsa kuti Yusufu wake uti. Wina analiza injini. Amalume aja anamwalira kalekale. Amene anamva bwino anali mmodzi, Fanuwelo, amene amagulitsa anyezi pa tebulo chapomwepo. Anabwera pang'onopang'ono mpaka anandiyandikira.

"A Mwale, munthu walima munda wanga zaka zisanu ndi zinayi. Dothi la pamanda pake silinaume, inu mwayamba kumupaka matope?"

"Ndinaona ndi maso anga."

"Ndi maso anu. Nanga munali kuti nthawi yonseyi?"

Anabwerera pa tebulo lake. Kuyambira tsiku limenelo sandipatsa moni. A Naphiri anatuma uthenga kuti ndisapondenso pakhomo pawo. Sindikuwadandaula. Koma zimene ndinanena sindibweza, ndipo ndazilemba kuti amene sanamve chifukwa cha phokoso la msika awerenge. A Zakeyu Mbewe anali mmisiri woposa onse amene ndinawaona. Analakwa tsiku limodzi pa bawuti, n'kulakwa zaka zisanu ndi zinayi pa munthu. Che Yusufu sanavulaze Fanuwelo.

Malo amene a Mbewe ankagwirira ntchito ali pakhonde la sitolo yakale yotseka, kumunsi kwa msika. Palibe walowapo. Dothi la pamenepo ndi lakuda, lolimba, madzi a mvula amangodutsa osalowa. Chingwe chimene ankapachikira njinga chikadali pa mtanda wa denga, ndipo misomali inayi ili pakhoma yopanda kanthu. Amayi ogulitsa tomato amayala malonda awo mpaka m'mphepete mwa dothi lakudalo, n'kulekezera pomwepo. Tsidya lina la msewu shedi ija inagwa kale. Patsala simenti ya pansi yokha, yong'ambika, pamene mbuzi zimagona masana.

Dzulo ndinaima pamenepo. Kunabwera munthu wachilendo, thukuta lili thupi lonse, akukankha mawunteni ya foloko yomanga ndi malabala a chubu. Anati wachokera ku Nambuma, anamuuza kuti pano pali wodziwa mafoloko. Anayang'ana pakhonde, anayang'ana tsidya lina, n'kundifunsa kuti mmisiriyo amakhala mbali iti.

Ndinamuuza kuti mbali zonse ziwiri kulibe munthu.